Mlandu Suwola? Mbiri ya Malamulo Olandira Anthu Otuluka M'ndende ku America

Makolo athu ankati mlandu suwola. Ankatanthauza kuti wolakwa, ngakhale athawire kutsidya kwa nyanja, tsiku lina adzakhala pabwalo n'kuyankha zomwe anachita. Koma mwambiwu sunena kanthu za munthu amene wayankha kale, amene anazengedwa, anaweruzidwa, anagwira ukaidi zaka zake zonse, ndipo chipata cha ndende chamutsegukira. Kodi mlandu wa munthu wotereyu nawonso usawole? Funso limeneli lazunguza opanga malamulo a ku America kwa zaka pafupifupi 200, ndipo mayankho awo akhala akusinthasintha. Mbiri ya mayankhowo ndi yomwe tilondole pano.

Poyamba timvetse mmene dzikolo lilili. United States ili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, bwanamkubwa wake, makhoti ake ndi ndende zake. Milandu yambiri ya kuba, kuvulaza ndi kupha imaweruzidwa potsata malamulo a chigawo, osati a boma lalikulu la ku Washington. N'chifukwa chake zomwe munthu amakumana nazo akatuluka m'ndende ku Vermont zimasiyana kutalitali ndi zomwe angakumane nazo ku Mississippi. Nkhaniyi si yaing'ono. Kwa zaka zambiri chiyambire 2000, anthu oposa 600,000 ankatuluka m'ndende za dzikolo chaka chilichonse, ndipo anthu pafupifupi 70 miliyoni ali ndi dzina m'kaundula wa milandu, ena mwa iwo chifukwa chongomangidwa ndi apolisi popanda kupezeka olakwa.

Wamoyo, koma wakufa pamaso pa lamulo

America inatengera malamulo ake ambiri ku England, kumene munthu wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu ankalandidwa chuma ndiponso ufulu wosiyira ana ake cholowa. Zigawo zingapo, kuphatikizapo New York, zinalemba lamulo lakuti wogamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse aziwerengedwa ngati womwalira. Sakanatha kusumira munthu kukhoti kapena kusayina mgwirizano, ndipo mkazi wake ankaloledwa kukwatiwa kwina monga mmene amachitira wamasiye. Ku Rhode Island lamulo lotere linakhalapo mpaka mu 2022, pamene bwalo lalikulu la chigawocho linagamula kuti kuletsa mkaidi kusuma n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera chigawo.

Kum'mwera kwa dzikolo maganizo amenewa anasakanizika ndi tsankho. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, koma lamulo louthetsalo linasiya kampata: munthu akhoza kugwiritsidwa ntchito yakalavulagaga ngati ndi chilango cha mlandu. Mu 1871 bwalo lalikulu la ku Virginia linanena poyera kuti mkaidi ndi kapolo wa boma. Zigawo zinayamba kubwereketsa akaidi, ambiri mwa iwo akuda, kwa eni migodi, eni minda ndi makampani oyala njanji. Ku Alabama mchitidwe umenewu unatha mu 1928.

Ufulu wovota unatsekedwa ndi loko yemweyo. Mu 1890 chigawo cha Mississippi chinalemba malamulo atsopano olanda voti kwa moyo wonse aliyense wopezeka wolakwa pa milandu monga kuba, kutentha nyumba, kunama m'khoti, chinyengo ndi ziphuphu. Chodabwitsa n'chakuti kupha munthu kunalibe pamndandandawo, ndipo kunawonjezedwa mu 1968. Olembawo anasankha milandu yomwe iwo ankaganiza kuti anthu akuda ndiwo amapezeka nayo kawirikawiri, ndipo khoti lalikulu la chigawocho linavomereza cholinga chimenechi mu 1896. Pa nthawi imeneyo, wofuna kubwezeredwa ufulu wake ankadalira chikhululukiro cha bwanamkubwa kapena chifundo cha aphungu, ndipo chinthu chotere chinkafika kwa yekhayo wodziwana ndi akuluakulu.

Wosoka nsapato wa ku Boston

Maganizo ena anachokera kwa munthu wamba. Mu 1841 John Augustus, wosoka nsapato wa mumzinda wa Boston m'chigawo cha Massachusetts, anali m'khoti pamene ankazenga munthu wina mlandu wa uchidakwa. Augustus anapempha woweruza kuti amupatse munthuyo, iye amulipirire belo ndi kumuyang'anira. Patapita milungu itatu anabwera naye atasinthiratu, ndipo woweruza anangomulipitsa chindapusa cha senti imodzi pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Pofika pa imfa yake mu 1859, Augustus anali atayimira anthu pafupifupi 2,000, kuwapezera ntchito ndi pogona. Mu 1878 Massachusetts inasandutsa ntchito ya munthu mmodziyu kukhala lamulo, ndipo inalemba ntchito wogwira ntchito wa boma woyang'anira olakwa omwe sanatumizidwe kundende.

Kwa omwe anali kale m'ndende, kusintha kunayambira ku Elmira m'chigawo cha New York, kumene mu 1876 kunatsegulidwa ndende ya anyamata ndi abambo a zaka 16 mpaka 30 olakwa koyamba. Mkulu wa ndendeyo, Zebulon Brockway, ankapereka mamalikisi pa khalidwe, maphunziro ndi ntchito zamanja. Wochita bwino ankatulutsidwa nthawi yake isanakwane, malinga akhale ndi ntchito yomuyembekezera kunja ndipo azipereka lipoti mwezi ndi mwezi. Dongosolo limeneli amalitcha parole. Sitinganene kuti ku Elmira kunali kwa mtendere, pakuti Brockway yemweyo anafufuzidwa m'zaka za m'ma 1890 chifukwa chokwapula akaidi. Komabe mfundo yakuti ndende iyenera kukonzekeretsa munthu kubwerera kwawo inafalikira, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1940 zigawo zonse zinali ndi dongosolo lotere.

Mmodzi mwa anthu odziwika omwe anadutsa pakhomo limeneli ndi Malcolm Little, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina lakuti Malcolm X. Anagamulidwa ku Massachusetts mu 1946, ali ndi zaka 20, pa mlandu wothyola nyumba. Anatuluka mu August 1952 nthawi yake isanathe, ndipo chomwe chinathandiza n'chakuti mkulu wake Wilfred anamulandira kunyumba kwake ndi kumupezera ntchito m'sitolo ya mipando ndi matebulo ku Detroit. Apa tikuona mphamvu ndi kufooka kwa dongosololi. Lamulo linkatsegula chipata, koma wolandira munthuyo anali m'bale wake. Wopanda m'bale wokhala ndi ntchito ankasowa pogwira.

Chikalata chotsimikizira kusintha

Zigawo zina zinaona kuti kutulutsa munthu sikukwanira ngati dzina lake likhalabe lodetsedwa. Mu 1943 California inakhazikitsa chikalata chomwe khoti limapereka kwa munthu amene wakhala zaka zingapo osalakwanso, chotsimikizira kuti wasintha, ndipo chikalatacho chimatumizidwanso kwa bwanamkubwa ngati pempho la chikhululukiro. Mu 1976 New York inapita patsogolo. Inaletsa olemba anthu ntchito ndiponso mabungwe opereka malayisensi kukana munthu chifukwa cha mlandu wakale, pokhapokha mlanduwo ukukhudzana mwachindunji ndi ntchitoyo, kapena kumulemba kuika anthu ndi katundu pachiswe. Lamulolo linalamula bwana kuti aganizire kukula kwa mlandu, zaka zomwe zadutsapo, msinkhu wa munthuyo pamene ankalakwa, ndi umboni wa kusintha kwake. Wopezeka wolakwa pa kuba ndalama akhoza kukanidwa ntchito ya ku banki, koma si chifukwa chomukanira ntchito yoyala njerwa.

Mphepo itatembenuka

Pamene lamulo la ku New York linkalembedwa, mphepo inali itayamba kale kutembenuka. Umbanda unkakwera m'mizinda, ndipo anthu anali ndi mantha. Mu 1973 New York yomweyo inakhazikitsa chilango cha zaka 15 mpaka moyo wonse kwa wogulitsa magalamu pafupifupi 28 a mankhwala ozunguza bongo monga heroin. Mu 1974 katswiri wina, Robert Martinson, anafalitsa nkhani yomwe anthu anaimva ngati ikunena kuti palibe chomwe chimathandiza kusintha mkaidi. Iye anabweza ena mwa mawu akewo mu 1979, koma andale anali atawatola kale. Maine ndi California zinasiya dongosolo lotulutsa akaidi nthawi isanakwane potengera khalidwe. Mu 1994 California inalamula kuti wolakwa kachitatu, ngati milandu iwiri yoyamba inali yaikulu, akhale m'ndende zaka zosachepera 25.

Zotsatira zake zinali zoopsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndende za zigawo ndi za boma lalikulu zinkasunga anthu pafupifupi 200,000. Pofika 2008, powerengera ndi ndende za m'maboma ang'onoang'ono, chiwerengero chinafika pafupifupi 2.3 miliyoni. Pamwamba pa izo panabwera zilango zina zomwe woweruza sazitchula powerenga chigamulo. Lamulo la boma lalikulu la mu 1996 linaletsa kwa moyo wonse thandizo la chakudya kwa wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu wa mankhwala, ngakhale linapatsa zigawo mpata wokana chiletsocho. Nyumba za boma zinatsekedwa kwa ambiri. Malayisensi a ntchito zamanja nawonso anatsekedwa, moti ku New York munthu ankaphunzitsidwa kumeta tsitsi ali m'ndende, koma atatuluka n'kukanizidwa layisensi yometera. Akatswiri a malamulo atawerenga ziletso zoterezi m'dziko lonse anapeza zoposa 40,000.

Chinthu china chinasintha mwakachetechete. Kale mbiri ya mlandu inkagona m'mafayilo a fumbi kukhoti, ndipo munthu akasamukira kutali ankayamba moyo watsopano. Makompyuta ndi intaneti zitabwera, makampani anayamba kugula mbiri zimenezi n'kumazigulitsa kwa mabwana ndi eni nyumba zalendi pa mtengo wochepa. Kuyambira pamenepo mlandu unalekeratu kuwola.

Kabokosi ka pa fomu

Pa mafomu ofunsira ntchito panali kabokosi kakang'ono kofunsa ngati munthu anapezekapo wolakwa kukhoti. Kulemera kwa kabokosi kameneka kunayezedwa ndi Devah Pager mumzinda wa Milwaukee, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2003. Iye anatumiza anyamata ofanana msinkhu ndi maphunziro kukafunsira ntchito, ena akunena kuti anakhalako kundende, ena ayi. Mwa azungu opanda mlandu, 34 pa 100 aliwonse anayitanidwanso, ndipo mwa azungu a mlandu anali 17. Mwa akuda opanda mlandu anali 14, ndipo mwa akuda a mlandu anali 5 okha. Mzungu wotuluka m'ndende anali ndi mwayi woposa wa munthu wakuda amene sanalakwepo.

Chigawo choyamba kulimbana ndi kabokosika chinali Hawaii, mu 1998. Lamulo lake linati bwana asafunse za milandu mpaka atamulonjeza munthuyo ntchito, ndipo ngakhale pamenepo ayang'ane zaka 10 zokha za m'mbuyo. Patapita zaka zochepa, anthu omwe anakhalapo m'ndende ku California anapanga gulu lotchedwa All of Us or None, ndipo anayamba kuyenda m'makhonsolo a mizinda kupempha kuti kabokosika kachotsedwe. Minnesota inakachotsa pa ntchito za boma mu 2009 ndipo mu 2013 inavomereza kuti kachoke ndi m'makampani. Massachusetts inachita zofanana mu 2010, ndipo lamulo la California lokhudza makampani linayamba kugwira ntchito mu 2018. Pofika 2021 zigawo 37 zinali ndi lamulo kapena ndondomeko yotere. Boma lalikulu nalonso linali litasintha mawu: mu 2008 Pulezidenti George W. Bush anasayina lamulo lopereka ndalama ku zigawo zothandizira otuluka m'ndende pa maphunziro, ntchito ndi kusiya mankhwala.

Koma mankhwalawa anali ndi ululu wake. Amanda Agan ndi Sonja Starr anatumiza makalata pafupifupi 15,000 ofunsira ntchito ku New Jersey ndi mumzinda wa New York, kabokosi kasanachotsedwe ndiponso katachotsedwa. Anapeza kuti kusiyana pakati pa azungu ndi akuda pa kuyitanidwa kunakwera kuchoka pa 7 kufika pa 43 pa 100 aliwonse m'makampani omwe anachotsa kabokosiko. Mabwana ena, ataletsedwa kufunsa, anayamba kungoganizira potengera khungu ndi dzina. Kutseka pakamwa pa wofunsa sikunachotse chomwe chinali mumtima mwake.

Chikhululukiro chopempha ndi chikhululukiro chobwera chokha

Njira ina inali yofafaniza kapena kutseka mbiri ya mlanduyo. Zigawo zambiri zinali kale ndi lamulo lolola munthu kupempha khoti kuti lichite zimenezi patapita zaka. Koma ndi angati ankapempha? J.J. Prescott ndi Sonja Starr anafufuza mabuku a ku Michigan, ndipo mu 2020 anafalitsa zomwe anapeza. Mwa anthu omwe lamulo linkawalola, ochepera 7 pa 100 aliwonse ndiwo anafafanizidwira mlandu m'zaka zisanu zoyamba. Ambiri sankadziwa kuti lamulolo lilipo. Ena ankalephera ndalama za mafomu, za zidindo za zala, za loya, ndi tsiku lojomba kuntchito kukaima pamaso pa woweruza. Koma omwe anakwanitsa, malipiro awo anakwera ndi ndalama zoposa 22 pa 100 zilizonse m'chaka chimodzi, ndipo omwe analakwanso anali ochepa kwambiri. Chitsime chinalipo, koma chingwe cha ndowa chinali chachifupi.

Chaka cha 2018 chinaonetsa njira ziwiri zosiyana. Ku Florida, kumene wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu ankalandidwa voti moyo wake wonse pokhapokha bwanamkubwa ndi nduna zake amukhululukire, anthu anaponya voti mu November yosintha lamulolo. Gulu lomenyera kusinthaku linkatsogoleredwa ndi Desmond Meade, yemwe anakhalapo m'ndende, anagonapo m'misewu, kenaka n'kuphunzira zamalamulo. Pafupifupi 65 pa 100 aliwonse anavomereza, ndipo anthu pafupifupi 1.4 miliyoni ankayembekezeka kupindula, kupatula olakwa pa kupha ndi pa milandu yogwirira. Koma mu 2019 aphungu a chigawocho analamula kuti munthu ayambe wamaliza kulipira zindapusa ndi ndalama zonse za khoti, ndipo mu 2020 khoti la apilo linavomereza. Chigawocho chinalibe kaundula mmodzi wouza munthu ngongole yake yeniyeni. Anthu zikwizikwi anatsala panja chifukwa cha umphawi, ena chifukwa choopa kumangidwa akavota molakwitsa.

Pennsylvania inatenga njira ina. Mu June 2018 bwanamkubwa Tom Wolf anasayina lamulo lotchedwa Clean Slate, lomwe aphungu a zipani zonse ziwiri analivomereza. Mfundo yake inali yapafupi: ngati kompyuta ndiyo imasunga mlandu, kompyuta yomweyo iutseke. Munthu wa mlandu waung'ono amene wakhala zaka 10 osapezekanso wolakwa, ndiponso amene anamangidwa koma osapezeka wolakwa, lamulo la mu 2018 linati mbiri yake izitsekedwa yokha, popanda fomu, loya kapena ulendo wa kukhoti. Ntchitoyi inayamba mu June 2019, ndipo m'chaka chimodzi milandu yoposa 30 miliyoni ya anthu oposa 1 miliyoni inatsekedwa. Poyamba lamuloli linkafuna kuti munthu akhale atalipira ndalama zonse za khoti, koma mu 2020 chiletso chimenechi chinachotsedwa, n'kusiya chipukutamisozi cha wolakwiridwa chokha. Utah inatsatira mu 2019, Michigan mu 2020, ndipo mu November 2023 New York inavomereza kuti milandu ing'onoing'ono izitsekedwa patapita zaka 3 ndipo ikuluikulu patapita zaka 8.

Malamulo amenewa sanaiwale wolakwiridwa. Kupha munthu ndi milandu yogwirira sizitsekedwa. Apolisi ndi makhoti amaionabe mbiri yotsekedwayo, ndipo ku New York ofuna ntchito yosamalira ana ndi okalamba amafufuzidwabe mokwanira. Vuto lomwe latsala ndi la makampani ogulitsa mbiri za anthu ndi nkhani zakale za pa intaneti, zomwe sizifufutika chifukwa choti khoti latseka fayilo.

Zomwe mbiriyi ikutiuza

Tikayang'ana ulendo wonsewu, tiona kuti funso lakhala limodzi: ndani asenze katundu wobwezera munthu pakati pa anzake? Poyamba anali bwanamkubwa, ndipo chifundo chake chinkafika kwa ochepa. Kenaka anali munthu wamtima wabwino ngati Augustus, kapena m'bale ngati Wilfred. Kenaka katunduyo anaikidwa pamutu pa wotuluka m'ndende yemweyo, kuti akapemphe chikalata ndi ndalama zomwe alibe. Njira yomwe yafikira anthu ambiri ndi yomwe boma linavomera kuti ilo ndilo linalemba dzinalo m'kaundula, ndipo ilo lomwe liyenera kuika tsiku lolitsekera.

Mfundo yoika tsiku si yachilendo kwathu kuno. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi amaletsa munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa khalidwe lonyansa kuimira pa mpando wa phungu kapena wa pulezidenti, koma chiletsocho n'cha zaka 7, osati cha moyo wonse. Ndipo aliyense amene anadindapo zala kupolisi pofuna chikalata chosonyeza kuti alibe mlandu, kaya chifukwa cha ntchito kaya cha ulendo wa kunja, amadziwa kulemera kwa pepala limodzi pa moyo wa munthu.

Koma kumudzi kaundula wamkulu sali mu kompyuta. Ali pakamwa pa anthu, padoko pamene asodzi amasankhana okwera nawo bwato, pamsika pamene amasankha womukongoza, ndi pakhonde pamene akuluakulu amakambirana za mbeta. Kaundula ameneyu palibe phungu angamutseke ndi lamulo. Aphungu a ku Pennsylvania anakhala pansi n'kugwirizana kuti zaka 10 zakwana, ndipo mu 2023 anazitsitsa kufika pa 7 pa milandu ing'onoing'ono. Ife amene tili ndi mwana, mlamu kapena mnansi amene akuwerenga masiku ku Zomba, ku Chichiri kapena ku Maula, tiyenera kudzifunsa kuti m'nyumba mwathu tamuikira zaka zingati.